Kodi Dzina Lako Lidzatchulidwa Kangati?

Mwana wanga amene ukuwerenga tsamba lino, ndikudziwa kuti nkhani ya mpira siikutopetsa, tsono ndiyambire pamenepo. M'chaka cha 2012 Lionel Messi anagoletsa zigoli 91, ndipo manyuzipepala a maiko ambiri analemba kuti wapambana Gerd Müller wa ku Germany amene anagoletsa 85 mu 1972. Kuno kwathu anthu sanakondwe. Anati nanga Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, amene anagoletsa 107 m'chaka chomwecho cha 1972, mwamuiwala? A FIFA anayankha kuti iwo sasunga mabuku a mipikisano ya m'dziko lililonse, motero sangathe kutsimikiza. Zitatero, okonda mpira ena anayamba kufukula manyuzipepala akale kuti awerenge zigolizo chimodzichimodzi. Mpira unagwedeza ukonde anthu akuona ndi maso awo, koma patapita zaka 40 umboni umene dziko linafuna unali wa pa pepala.

Madokotala ochita kafukufuku nawonso ali ndi zigoli zawo, ndipo lero ndikufuna ndikuuze za zigoli zimenezo. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri m'wodi ya ana pa chipatala china muno mu Lusaka, ndipo tsopano ndikupuma kwathu ku Chelstone. Achinyamata a mumpingo mwathu amene ali mu Giredi 12 amandifunsa kawirikawiri za udokotala. Ambiri amafuna kudziwa za malipiro ndi za kutalika kwa maphunziro. Koma alipo ena amene anatsegula kale intaneti pa foni, naona dzina la dokotala wina lili ndi manambala m'mbali mwake: mapepala mwakuti, kutchulidwa mwakuti. Iwo amandifunsa kuti, "Amayi, kodi manambala awa ndiwo amaonetsa dokotala wabwino?" Yankho langa ndi lalitali pang'ono, ndipo ndilipereka kudzera m'matenda amene ndinawaona ndi maso anga, matenda a impso mwa ana.

Mmene amawerengera

Wofufuza akapeza chinthu chatsopano, amachilemba mwadongosolo: funso limene anali nalo, odwala amene anawaona, njira imene anatsata, ndi zimene anapeza. Zolembazo amazitumiza kwa mkonzi wa magazini ya madokotala, monga Medical Journal of Zambia, Malawi Medical Journal kapena The Lancet ya ku London. Mkonziyo amazipereka kwa akatswiri ena kuti azipete ngati chimanga. Nthawi zambiri zimabwezedwa kuti zikakonzedwe, mwinanso zimakanidwa ndithu. Zikavomerezedwa ndi kusindikizidwa, ndiye kuti munthuyo ali ndi pepala limodzi.

Tsono wofufuza wina, kaya ali ku Kampala kaya ku Toronto, akagwiritsa ntchito pepalalo pa kafukufuku wake, ayenera kulitchula kumapeto kwa pepala lake. Kumeneko ndiko kutchulidwa. Ndi ulemu, monga mmene mkulu pabwalo amanenera kuti mawu awa ndinawamva kwa auje, komanso ndi njira yoti wowerenga abwerere kukaona ngati zinalidi choncho. Mu 1955 Eugene Garfield wa ku America analemba maganizo akuti pakhale ndandanda yoonetsa kuti ndani watchula yani, ndipo mu 1964 anatulutsa mabuku akuluakulu otchedwa Science Citation Index. Google Scholar itabwera mu 2004, aliyense anayamba kuona manambalawa kwaulere. Mu 2005 Jorge Hirsch, mphunzitsi wa physics ku California, anawonjezera muyeso wina wotchedwa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 10, ndiye kuti ali ndi mapepala 10 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Mayunivesite ambiri amayang'ana manambala amenewa pokweza munthu pa udindo, ndipo mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amawayang'ananso.

Tepi yoyezera ndi dontho la magazi

Kuti umvetse chifukwa chake pepala lina limatchulidwa kwambiri, uyambe wadziwa ntchito ya impso. Uli ndi impso ziwiri kumsana, m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera chako. M'kati mwa iliyonse muli tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Mwa munthu wamkulu tisefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita 180 pa tsiku, ndipo pafupifupi onse amabwerera m'thupi, kutsala lita imodzi kapena malita awiri amene amatuluka ngati mkodzo pamodzi ndi zoipa. Impso zikafooka, zoipazo zimaunjikana m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi creatinine, amene amachokera m'minofu, ndipo ndiye amene a mulabu amayeza.

Vuto lake ndi lakuti mwana ali ndi minofu yochepa. Nambala ya creatinine imene ili yabwinobwino kwa bambo wonyamula matumba a simenti ingakhale chizindikiro cha ngozi kwa mwana wa zaka zitatu. Mu 1976 Dr. George Schwartz ndi anzake a ku New York analemba pepala m'magazini yotchedwa Pediatrics, m'mene anaonetsa kuti ukayeza msinkhu wa mwana ndi tepi, n'kuuyerekeza ndi creatinine wake, ukhoza kudziwa mphamvu ya impso zake. Mu 2009 anakonzanso masamuwo kuti agwirizane ndi makina atsopano: uchulukitse msinkhu wa mwana m'masentimita ndi 0.413, kenaka ugawe ndi nambala ya creatinine. Mwana wa masentimita 120 amene creatinine wake ndi 0.5 amapeza 99, ndipo impso zake zili bwino. Creatinine akakhala 2.0, yankho limatsikira pa 25, ndipo dokotala amadziwa kuti mwanayo ali pa mavuto, ndi kuti mankhwala ena ayenera kuchepetsedwa. Malabu athu amagwiritsa ntchito muyeso wina, choncho nambala yochulukitsira imasintha, koma njira yake ndi yomweyo.

Mapepala awiriwa atchulidwa ndi ofufuza zikwizikwi, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: anthu anawapeza othandiza. Komatu taganiza. Madokotala ambiri amene amachita masamu amenewa pa kapepala m'wodi sadzalembapo pepala la kafukufuku moyo wawo wonse, motero kompyuta siwawerenga. Nambala ya kutchulidwa imangoona anthu olemba okha. Ana amene athandizidwa ndi tepi ija ndi ochuluka kuposa nambala imene ili pafupi ndi dzina la Schwartz.

Ana athu sali m'mabuku onse

Pali nthenda ina ya impso imene madokotala amaitcha nephrotic syndrome. Tisefa tija timabooka, ndipo chakudya chomanga thupi chimene chili m'magazi chimatayikira mumkodzo. Mwana amadzuka m'mawa zikope zitatupa, kenaka miyendo ndi mimba, ndipo mkodzo wake umachita thovu. M'makomboni ndi m'midzi mwathu kutupa kotere kwapasula mabanja. Ena amati ndi mdulo, n'kuyamba kuloza chala bambo kapena mayi. Ena amati mwana walodzedwa. Pamene akuluakulu akukangana, masiku amapita.

Kafukufuku wamkulu amene anachitika kwambiri ku Ulaya ndi ku America anaonetsa kuti ana ambiri odwala nthendayi amachira ndi mankhwala otchedwa prednisolone, ndipo mabuku a madokotala analemba choncho. Koma ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, Dr. Ralph Hendrickse, wobadwira ku Cape Town, anaona kuti ana ambiri a kumeneko masiku amenewo sankachira ndi mankhwalawo. Iye ndi Dr. Herbert Gilles anafufuza, ndipo mu 1963 analemba mu British Medical Journal za mgwirizano wa nthendayi ndi mtundu wina wa kachilombo ka malungo wotchedwa Plasmodium malariae. Akanangoona n'kukhala chete, madokotala a mu Africa akanapitiriza kudabwa paokhapaokha chifukwa chake buku likunena zina pamene wodwala akuonetsa zina. Pambuyo pake Hendrickse anapita ku Liverpool, ndipo mu 1981 anayambitsa magazini yotchedwa Annals of Tropical Paediatrics, kuti zolemba zonena za ana a m'maiko otentha zikhale ndi kwawo.

Ntchito imeneyi sinathe, ndipo ikuchitika pafupi ndi iwe. Mu 2023 Dr. Chisambo Mwaba ndi anzake anasindikiza pepala m'magazini ya PLOS ONE lonena za ana amene impso zawo zinaima mwadzidzidzi ndipo anathandizidwa ku chipatala cha ana cha UTH. Anapeza kuti chimene chinatsogola pa zoyambitsa vutoli ndi malungo. Mwina ukuti zimenezo n'zodziwika kale. Anamwino ambirife tinkaziona ndithu. Koma chimene namwino akuchidziwa mumtima sichingalowe mu bajeti ya boma, ndipo sichingaphunzitsidwe kwa ophunzira a ku Ridgeway ngati umboni. Chikalembedwa, dokotala wa ku Chipata kapena ku Katete amadziwa kuti mwana wa malungo aakulu ayenera kuyang'aniridwa mkodzo kuyambira tsiku loyamba. Ku Malawi nako, madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analemba za vuto lomweli, ndipo mzindawo unali umodzi mwa malo oyesera ntchito ya 0by25. Ntchitoyi inayambitsidwa mu 2013 ndi bungwe la International Society of Nephrology, ndi cholinga chakuti pofika 2025 pasakhale munthu womwalira ndi kuima kwa impso kumene kukanatha kuchizidwa. Chaka chimenecho chinafika ana akali kumwalira, choncho ofufuza akufunikabe.

Kumene pepala limayambira

Ndikukumbukira kamnyamata kena ka zaka zisanu ndi chimodzi kamene kanapita kwa agogo ake cha ku Petauke pa tchuthi cha dzinja. Muno mu Lusaka malungo si ochuluka ngati kumudzi, ndipo ana ambiri a m'tauni amawatenga paulendo. Atabwerako thupi linatentha, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo kenaka unasiyiratu kutuluka. Madokotala anamuika kapaipi pamimba kuti achite dayalisisi. Njira imeneyi ndi yodabwitsa: m'mimba mwa munthu muli kachikopa kopyapyala kokuta matumbo, ndipo ukathiramo madzi oyera osakaniza ndi shuga ndi mchere, zoipa za m'magazi zimadutsa kachikopako n'kulowa m'madzimo. Pakapita kanthawi umawatulutsa, n'kuthiramo ena. Ikhoza kuchitika ndi manja popanda makina, n'chifukwa chake ntchito ya Saving Young Lives, imene inayamba mu 2012, yakhala ikuiphunzitsa m'maiko osauka, ndipo madokotala ambiri a mu Africa anakaiphunzira kwa Professor Mignon McCulloch ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town.

Ntchito yathu anamwino inali kulemba. Madzi alowa ochuluka bwanji, atuluka ochuluka bwanji, nthawi yanji, ndipo mwana akulemera bwanji m'mawa uliwonse. Pakati pa usiku, maso akulemera ndi tulo, palibe amene angakuone ukangolemba nambala ya m'mutu. Koma dokotala akabwera m'mawa amakhulupirira pepala limenelo, ndipo moyo wa mwana umatsamira pa ilo. Patapita masiku angapo timadontho ta mkodzo tinaoneka m'kathumba. Mayi ake anagwada pansi pomwepo kuyamika Mulungu, ndipo ine ndinayeza timadonthoto ndi kulemba. Mwanayo anatuluka akuyenda yekha.

Mapepala otere amasungidwa m'mafayilo, ndipo pakapita zaka wofufuza amabwera kudzawatsegula limodzilimodzi. Ngati namwino analemba mosasamala, kapena kalaliki anataya fayilo, mwanayo amasowa mu kafukufuku ngati kuti sanadwalepo. Dzina langa silili pa pepala lililonse la kafukufuku, ndipo h-index yanga ndi 0. Komabe ndikudziwa kuti pansi pa pepala lililonse lotchuka pali manja ambiri a anamwino, a mulabu ndi osunga mafayilo. Mutu umodzi susenza denga.

Nambala ili ndi malire ake

Tsono kodi wokhala ndi manambala aakulu ndiye dokotala wabwino koposa? Osati nthawi zonse. Madokotala a impso za ana ndi ochepa padziko lonse poyerekeza ndi a mtima kapena a khansa, motero otchula pepala lawo amakhalanso ochepa. Pepala lonena za nthenda yovutitsa maiko olemera limapeza olitchula ambiri, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ofufuza ambiri. Magazini ena amafuna ndalama zoposa madola 1,000 kuti asindikize pepala limodzi, ngakhale kuti ena amakhululukira olemba a m'maiko osauka. Ndiponso dokotala amene m'mawa ali ndi mzere wa odwala, masana akuphunzitsa, usiku akuitanidwa ku wodi, amalemba pepala lake pa nthawi imene anayenera kugona. Kumuyerekeza ndi mnzake amene ali ndi gulu la omuthandiza n'kusaweruza bwino. Ofufuza eni ake anaona vutoli, ndipo mu 2012 ena a iwo pamodzi ndi akonzi a magazini anagwirizana ku San Francisco kuti ntchito ya munthu iziyezedwa poiwerenga, osati poyang'ana kutchuka kwa magazini imene yaisindikiza.

Pali choopsa chinanso. Pamene pali nambala yopatsa ulemu, pamabwera chiyeso. Alipo amene amadula kafukufuku mmodzi m'tizidutswa kuti mapepala achuluke, alipo amene amadzitchula okha mopitirira, ndipo alipo amene amapeka zotsatira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwe ukudziwa za malikeji a mayeso. Wogula likeji amanamiza aphunzitsi, koma wopeka zotsatira za kafukufuku wa mankhwala amachitira umboni wonama ana odwala amene sadzawaona n'komwe.

Usaganize kuti pepala lochokera ku Lusaka silingagwedeze dziko. Mu 2004 Professor Chifumbe Chintu ndi anzake anasindikiza mu The Lancet zotsatira za kafukufuku amene anachitika ku UTH pa ana okhala ndi kachilombo ka HIV. Anapeza kuti mankhwala otchipa a cotrimoxazole, amene ambiri timawadziwa kuti Septrin, akamamwedwa tsiku ndi tsiku, anachepetsa imfa ndi 43 peresenti. Bungwe la WHO ndi la UNICEF anasintha malangizo awo chifukwa cha pepala limeneli. Professor Chintu anamwalira mu 2017, koma pepala lawo likutchulidwabe, ndipo alipo abambo ndi amayi lero amene anakula chifukwa cha ilo. Apa nambala ndi chifundo zinayendera pamodzi, ndipo umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Nanga iwe?

Ukakwera minibasi pa thanki ya Chelstone kupita m'tauni, umadutsa yunivesite ya zaumoyo ya Levy Mwanawasa, kenaka UNZA. Makomo amenewo si a ana a anthu ena okha. Ngati mtima wako ukukokera kumeneko, yamba lero zinthu zitatu. Choyamba, usathawe masamu, chifukwa waona wekha kuti kuchulukitsa ndi kugawa kumapulumutsa impso za mwana. Chachiwiri, phunzira kulemba momveka, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe, chifukwa tsiku lina udzafunika kufotokozera akatswiri a kunja ndiponso agogo a kumudzi chinthu chimodzimodzi. Chachitatu, mukamachita zoyesayesa mu labu ya kusukulu, lemba chimene waona, ngakhale chisiyane ndi yankho la m'buku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale usadzakhale dokotala, pali zimene ungachite pakhomo panu. Mng'ono wako akatupa nkhope m'mawa, mkodzo wake ukada kapena kuchita thovu, kapena akatha tsiku lonse osakodza pamene akudwala malungo kapena kutsegula m'mimba, uza makolo kuti apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Asamupatse mankhwala opha ululu monga ibuprofen pamene thupi lake latha madzi, kapena zitsamba zosadziwika mphamvu yake, pakuti zimenezi zikhoza kuwonjezera kuvulala kwa impso. Ndipo khadi la mwana la ku sikelo ndi timapepala ta kuchipatala muzisunga bwino, chifukwa ndiyo mbiri yake.

Kumbukira Luka, amene mtumwi Paulo anamutchula kuti ndi sing'anga. Poyamba pa Uthenga Wabwino wake amafotokoza kuti anafufuza zonse mosamala kuchokera kwa mboni zoona ndi maso, nazilemba mwadongosolo, ndipo analembera munthu mmodzi, Teofilo, kuti adziwe zoona zake. Sanadziwe kuti anthu a zinenero zambirimbiri, kuphatikizapo chathu, adzamuwerenga Lamulungu lililonse. Iye anangosamala kuti chimene akulemba chikhale choona ndi chothandiza wowerenga wake.

Dzina lako lidzatchulidwa kangati, zimenezo sizili m'manja mwako, ndipo usataye nazo tulo. Chimene chili m'manja mwako ndi cholembera. Ukadzafika pokhala ndi mapepala ako, ndipo ndikupemphera kuti ena a inu mudzafikepo, udzakondwere anzako akamakutchula, pakuti ndi chizindikiro chakuti ntchito yako ikuyenda. Koma madzulo udzadzifunse ngati pali mwana wina, ku Kamanga, ku Lundazi kapena ku Tete, amene wagona bwino chifukwa cha zimene unalemba. Ambuye akutsogolere pamene ukukonzekera mayeso ako.